Nthochi ya M'kachisi wa ku Kamwala

Dokotala wa maso sanatibisire. Anati matenda a amayi ndi aja amadya maso kuyambira m'mbali, pang'onopang'ono, ndipo chimene chadyedwa sichibwerera. Mankhwala odontheza m'maso angochedwetsa chabe. Amayi eni ake anali atandiuza kale m'kulankhula kwawo kwa m'tauni muno mu Lusaka: "Niona monga nasuzumira mu paipi." Ukaima kutsogolo kwawo ankakuona bwinobwino, mpaka kukuuza kuti wanenepa. Ukangosendera pambali pang'ono, basi wasowa.

Nthawi imeneyo amayi ankakhala ku Woodlands kwa alongo anga, amene ndi oyamba kubadwa m'nyumba mwathu. Tinabadwa awiri, iwo ndi ine. Nyumba yabwino, ndisaname. Mpanda wa njerwa, geti yachitsulo, kapinga, ndi chipinda cha amayi okha chokhala ndi bafa mkati. Alongo angawo amagwira ntchito ya mu ofesi m'tauni, komanso ndi dikoni ku mpingo wina wachipentekosite ku Chelstone. Ine ndine mphunzitsi, ndimakhala ku mafulati a ku Kabwata, ndipo akandipsetsa mtima ndimawaitana kuti ba dikoni.

Atamva mawu a dokotala, alongo anga analira. Amawakonda amayi, zimenezo sindingawalande. Sabata yomweyo anabwera ndi ganizo lakuti tiwatengere amayi ku Livingstone akaone mathithi maso asanatseke. Tinali pakhonde tikumwa tiyi Lamulungu masana. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaika kapu pansi.

"Madzi ni madzi," anatero. "Ine nifuna kulowa mu tchalitchi chija chachikulu cha pa chitunda. Na mu kachisi wa Amwenye ku Kamwala."

Amayi anabadwira kufupi ndi Chongwe, anabwera mu Lusaka ali mtsikana, ndipo zaka zawo zonse zamphamvu anazithera pa ntchito yolera ana a anthu. Poyamba analera kwa azungu ku Kabulonga. Lamulungu lililonse banja lija linkapita ku tchalitchi chachikulu chija, amayi nawonso m'galimoto momwemo, mwana ali pamiyendo. Akafika, eni ake ankalowa, amayi n'kutsala panja pansi pa mitengo ya jakaranda kuti mwana asasokoneze mapemphero ndi kulira. Palibe amene anawauza kuti musalowe. Komanso palibe amene anawauza kuti lowani. Nyimbo ankazimvera kukhoma.

Azungu aja atapita kwawo, amayi anapeza ntchito kwa Amwenye ena a sitolo ku Kamwala. Kumenekonso nkhani inali yomweyo. Pa masiku a chikondwerero banja lonse linkalowa m'kachisi, amayi n'kukhala pa masitepe pakati pa nsapato za anthu, khanda lili kumsana. Ankamva belu ndi fungo la lubani, n'kumaona maluwa akulowa m'madengu. Ifeyo tinakula tikudziwa kuti amayi amalera ana, koma za kukhala panjazi sanatiuzepo mpaka tsiku la tiyi lija.

Alongo anga anakonza kukhosi. Ndimawadziwa, akatero ndiye kuti ulaliki wayamba. Anati za tchalitchicho sakukana kwenikweni, ngakhale kuti ndi chipembedzo chozizira chopanda moto. Koma kachisi uja, iyayi. Mmene muja muli maguwa, ndipo guwa lililonse lili ndi mwini wake wosaoneka. Ukapondamo, umatuluka ndi alendo amene sunawaitane, ndipo alendowo amakutsatira mpaka m'nyumba, n'kuyamba ndi ana.

"Ba dikoni," ndinatero ine, "amayi anakhala pa masitepe aja mpaka tsitsi kuyamba imvi. Ntchito yomweyo ndiyo inakuphunzitsani sukulu. Mizimu imeneyo inali patchuthi nthawi yonseyo?"

"Panja ni panja, mkati ni mkati," anayankha. "Iwe vinthu va mzimu suviziba."

Abale inu, magazi anandikwera kumutu. Inenso ndine Mkhristu, ndimaimba kwaya, Baibulo ndili nalo ndipo silinachite fumbi. Koma kungoti munthu wavala jekete n'kupatsidwa mpando wakutsogolo, basi ayese kuti Mulungu anamupatsa makiyi a nyumba zonse za mu Lusaka! Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kuuza mkulu wako. Mlamu wanga, mkazi wa alongo angawo, anangotola makapu n'kulowa m'nyumba. Amayi pondiperekeza ku geti anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Upemphe tsiku ku sukulu."

Ndinapemphadi. Inali nyengo yotentha ija jakaranda amakhala atayala maluwa m'misewu, fumbi lili paliponse. Ndinafika ku Woodlands m'mawa ndi takisi, alongo anga atapita kale kuntchito. Sitinabise ulendowu, ndinali nditawauza pafoni dzulo lake, iwo n'kudula foni ndisanamalize. Amayi ndinawapeza atakonzeka kalekale. Chitenje chawo cha paukwati wa mdzukulu, duku latsopano, ndi nsapato zakuda zija zimawaluma chala chaching'ono. Mlamu anatitsegulira geti, ndipo tikukwera anabwera chothamanga n'kuwapatsa amayi ambulera.

Tinayamba ndi tchalitchi. Amene mumadutsa pa chitunda paja mukuchidziwa, chinyumba chachitali cha simenti, chosongoka ngati chifuna kubaya mtambo. Takisi itatisiya, amayi sanayang'ane mitengo yawo ija ngakhale pang'ono. Analunjika pakhomo ngati munthu wochedwa basi. Munali bambo wina amene ankapukuta mabenchi, ndinamufotokozera kuti tabwera kudzangoona, iye anati, "Lowani, ba mayo, ni nyumba ya Mulungu." Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka anaponda mkati.

Mawu awo oyamba sanali opatulika. Anagogoda khoma ndi ambulera n'kunena kuti, "Aa, kansi ni simenti chabe!" Ndinaseka mpaka bambo uja anatembenuka.

Kenaka anakweza mutu. Mazenera a tchalitchi chija ukakhala panja amaoneka akuda, ngati magalasi a galimoto ya bwana. Amayi zaka zonsezo ankayesa kuti ndi akudadi. Koma mkati, dzuwa likawomba, amayaka mitundu yonse, ofiira, obiriwira, achikasu, ena ngati thambo, kuchokera pansi mpaka kudenga. Kuwalako kumagwera pa mabenchi ndi pansi, ndipo kunagwera pa duku la amayi ndi pa manja awo. Chifukwa cha paipi yawo ija sakanatha kuona zonse pamodzi. Anayamba ndi zenera limodzi pansi, n'kumakwera nalo pang'onopang'ono, khosi likuvutika, mpaka pamwamba, kenaka n'kutsika ndi linzake. Sindinawafulumize. Ndinangoima kumbuyo kwawo kuti asagwe chagada.

Atatopa anapita kukakhala pa benchi yakutsogolo kwenikweni, ija sakhalapo anthu wamba. Ndinkayesa kuti alira, ndipo ndinali nditatulutsa kale kansalu. Koma ayi, amayi anakwiya.

"Vinthu vabwino so," anatero, "ine nili panja nipirikitsa ntchentche pa mwana wa eni. Wina akananiuza chabe kuti suzumira."

Anapemphera pomwepo, mokweza, ngati ali m'chipinda chawo. Anathokoza chifukwa cha maso, anapempherera ine, mlamu, adzukulu, ndi alongo anga powatchula dzina lawo laubwana limene salifuna. Anapemphereranso kamwana ka azungu kaja, kamene panopa kayenera kukhala nkhalamba kwinakwake.

Popita ku Kamwala woyendetsa takisi anadzera kwathu ku Kabwata, pafupi ndi tinyumba tozungulira taudzu tija tosungidwa kuti alendo aziona, pamene amagulitsa ziboliboli. Panali azungu ena akujambula. Ndinafunsa amayi ngati tiime. Anakana ndi dzanja. Anati m'tinyumba ngati timeneto anagonamo atangofika m'tauni, ndipo utsi ndi nsikidzi zake akuzikumbukira bwino, safunika kukumbutsidwa. Woyendetsa uja anaseka mpaka kutsokomola.

Kachisi wa ku Kamwala ndi woyera mbee, ali ndi tinsanja tosongoka pamwamba, pakati pa phokoso la masitolo ndi mawilibala. Apa ndinene zoona, ndinayamba kuchita mantha. Kukangana ndi dikoni pakhonde n'kosavuta, koma mawu aja a alendo osaitanidwa anali atandilowa pang'ono. Ndinayamba kulankhula mokweza, kufunsa uyu ndi uyo ngati n'kololedwa. Amayi anandikoka chitenje.

"Kwa eni kulibe mkuwe," anatero. "Vula nsapato."

Iwo anali atavula kale zawo, akusangalala kuti chala chapeza ufulu. Chimene chinkawadetsa nkhawa si mizimu, koma ming'alu ya ku zidendene, kuti eni ake aiona.

Anatilandira mayi wina wachimwenye wachikulire, wamfupi, atavala nsalu yawo yaitali ija yokulunga thupi lonse. Chinyanja chake chinali cha pa sitolo koma chomveka. Amayi atamuuza kuti analera ana kuno kale, mayiyo anawagwira pamkono n'kuwatsogolera yekha. Pansi panali pozizira ngati m'mphepete mwa mtsuko. Fungo lija la lubani linali ponseponse. Kutsogolo kunali zifaniziro zawo, zovekedwa nsalu zonyezimira ndi mikanda, maluwa achikasu ali m'khosi, tinyale tikuyaka pansi pake.

Amayi sanagwade, sanawerame. Anaima chilili, manja kumbuyo, ngati woyendera sukulu, n'kumayendetsa paipi yawo ija kuchokera ku chifaniziro china kupita ku chinzake. Anafunsa ngati zovalazo amazisintha. Mayi uja anati inde, kawirikawiri. Amayi anafunsanso amene amasoka. Anayamikira mpendero, kuti wosokayo dzanja lake ndi labwino. Kenaka anapempha kuti aone belu limene ankalimva ali panja. Ataliona anagwedeza mutu, akuti ankaliyesa lalikulu kuposa pamenepo.

Tikutuluka, mayi uja anapita kutsogolo kuja n'kubwera ndi mbale. Munali nthochi ndi timaswiti toyera ta mkaka. Anati aliyense wobwera amalandira, ndi mwambo wawo. Ndinaona ndi maso anga kumene mbaleyo inachokera, ndipo mavesi onse a zoperekedwa kwa mafano anandibwerera nthawi imodzi. Ndinati zikomo, ndakhuta. Koma amayi anapinda bondo lawo lodwalalo pang'ono, n'kulandira ndi manja awiri nthochi imodzi ndi kaswiti.

Pa masitepe, pomwe ankakhala kale paja, anakhala pansi kuti avale nsapato. Anasenda nthochi ija. Ndinati, "Amayi, mudyadi?"

"Munthu wakulandira mu nyumba yake, wakupatsa chakudya, iwe ukataye ku ngalande? Ninakulera so ine?" Anatseka maso, anadalitsa nthochiyo m'dzina la Yesu monga amachitira ndi chakudya chilichonse, n'kudya yonse. Kaswiti anati katsekemera kwambiri, koma anakamaliza.

Tinafika ku Woodlands dzuwa likadali pamwamba. Galimoto ya alongo anga inali panja pa mpanda. Anali atachoka kuntchito msanga, ndipo anaima pa geti, tayi ili m'khosi, m'manja muli kabotolo ka mafuta odzozera. Nkhope yawo sinali yaukali. Anali ndi mantha enieni, ngati munthu amene waona njoka yalowa m'chipinda cha ana.

"Mwalowa?" anafunsa.

"Talowa," anayankha amayi.

"Mwadyako chilichonse?"

Ine bodza linali litafika kale pa lilime. Ndani akanadziwa? Koma amayi anandipitirira. "Nthochi na switi. Nthochi inali yakupsa bwino."

Alongo anga anagwira mutu. Anati amayi asalowe kaye. Agwade pomwepo pa geti, awadzoze mapazi ndi pakamwa, anene ndi mawu awo kuti achimwa ndipo akukana pangano limene apanga. Lamulungu apite nawo ku Chelstone, akaime kutsogolo, abusa akawapempherere mpaka zimene adyazo zituluke. Pakali pano asadye mbale imodzi ndi ana. Ankalankhula misozi ikutsika, akuti, "Nichita ichi chifukwa nikukondani, amayi."

Ndinalusa. Ndinawafunsa ngati alibe manyazi kugwaditsa mayi wowabala pa msewu, anthu oyandikana nawo akusuzumira pa mipanda. Ndinati bondo limenelo linatha ndi kubereka ana a eni kuti iwo avale tayi. Mwina ndikanafika powalanda kabotolo kaja, koma amayi anandiletsa ndi ambulera.

"Mwana wanga," anawauza alongo anga, mofatsa, "kunipempherera sinikana. Nipempherere maso, nipempherere bondo. Koma kukamba kuti nachimwa, awe. Nayenda kuona, naona. Bodza pamaso pa Mulungu sininganene kuti iwe ugone bwino."

"Ndiye simungalowe, amayi."

Mawu amenewo anatuluka, ndipo ndikhulupirira kuti eni ake anadabwa nawo. Mlamu anali kuseri kwa geti, dzanja lili pakamwa. Amayi anayang'ana mwana wawo kuyambira kunsapato mpaka kumutu, pang'onopang'ono. Kenaka anatembenuka n'kufunsa ngati takisi ija yapita. Inali isanapite, woyendetsa ankamvetsera nkhani zenera lili lotsegula.

"Tiyeni ku Kabwata," anatero amayi.

Fulati yanga ili pamwamba penipeni, kumene ngakhale wobweretsa makala amafika akutukwana. Ndinawauza amayi kuti ndipemphe azibambo awanyamule pampando. Anakana, akuti sanafe. Anayesa kukwera choimirira, bondo linakana pa masitepe oyambirira omwe. Ndiye anakhala pansi, n'kuyamba kukwera chammbuyo ndi matako, sitepe imodzi, kupuma, inanso, chitenje cha paukwati chikusesa fumbi. Azimayi a m'mafulati anatuluka kudzaona. Wina anayamba nyimbo ya kwaya, ena n'kulandira, amayi nawonso akuyankha pakati pa kupuma. Ine ndinali pambuyo ndi nsapato ndi ambulera, ndikulira ndi ukali.

Mawa lake mlamu anabweretsa mankhwala a m'maso, zovala ndi wailesi. Alongo anga sanabwere.

Maso anatseka monga ananenera dokotala, mvula yachiwiri isanathe. Mawu anatipeza kuchokera ku Chelstone akuti ndi chilango cha nthochi ija. Ndinkafuna kukwera basi kukawayankha pamaso, amayi anandiletsa. Anati maso awo anali kale paulendo, iwo anangowapatsa kamba. Masana ena ndikabwera kusukulu ndimawapeza akufotokozera azimayi a m'mafulati za mazenera aja, mtundu ndi mtundu, ndi za mpendero wa nsalu za m'kachisi. Ena mwa azimayiwo anabadwira mu Lusaka momwemuno koma sanalowemo, ndipo awiri anapita kukaona okha.

Alongo anga anakwera masitepe athu Loweruka lina masana, amayi atasiyiratu kuona. Anafika akupuma movutika, opanda kabotolo. Anagwada pafupi ndi mpando wa amayi n'kuwapatsa moni, amayi n'kuwapapasa kumaso, akuti waonda. Ndinawapatsa tiyi. Alongo anga anati chipinda chija chili momwe anachisiyira, ana akufunsa agogo awo tsiku lililonse, ndipo kuno munthu wosaona angagwe. Abwerere kunyumba. Za kugwada ndi za ku Chelstone tiziiwale, sadzazitchulanso.

Kunena zoona, ine ndinkafuna kuti avomere. Kwanga madzi amavuta, ndipo ndikapita kuntchito amatsala okha.

"Wakamba bwino," anatero amayi. "Manje niuze chimodzi. Ninachimwa?"

Alongo anga anayang'ana m'kapu. Anayang'ana ine. Ndinawapempha ndi maso kuti angonena kamawu kamodzi kokha, ngakhale kosachokera mumtima. Koma ndi mwana wa amayi yemweyo, bodza pa za Mulungu sanganene. Anangozunguza kapu m'manja mpaka tiyi anazizira.

"Chabwino," anatero amayi. "Upereke moni kwa ana. Uwabweretse Loweruka, nizawauza nthano."

Anatsanzika n'kutuluka. Tinamva nsapato zawo zikutsika, kenaka zinaima pakati pa masitepe. Zinaima nthawi yaitali. Ndinadzuka kuti ndikawaitane, amayi anandigwira chitenje.

"Musiye," anatero. "Asankhe yekha."

Patapita kanthawi nsapato zija zinapitiriza kutsika. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, n'kundiuza kuti ndiwathirireko tiyi wina wotentha.